Mmene Mungathandizire pa Kafukufuku wa Mileme ndi Mungu wa Mlambe

Maluwa a mlambe amatseguka madzulo, amakhala oyera, olendewera pa phesi lalitali, ndipo pofika tsiku lotsatira amakhala atayamba kufota. Choncho munthu wodzipereka kuthandiza akatswiri ofufuza za mileme yonyamula mungu ayenera kuvomereza kuti ntchito yake ndi ya usiku, makamaka mu Novembala ndi Disembala pamene milambe ya kuno imachita maluwa.

Musanagwire mleme ndi umodzi womwe, bayitsani katemera wa chiwewe, yemwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti aperekedwe kawiri motalikitsa masiku 7, ndipo valani magolovesi nthawi zonse. Mleme ukakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo kwa mphindi 15 kenako pitani kuchipatala. Lowani m'gulu lomwe lili ndi chilolezo cha boma, monga African Bat Conservation ku Lilongwe, ndipo onetsetsani kuti mfumu ya m'deralo yadziwitsidwa, chifukwa alendo oyenda ndi matochi usiku pansi pa mlambe amakayikiridwa msanga, monga mphekesera za anamapopa za mu 2017 zinasonyezera.

Ukonde wopyapyala wogwirira mileme umatcheredwa dzuwa lisanalowe ndipo umayenderedwa pafupipafupi, popeza mleme wokodwa nthawi yaitali umadzipiringiza mpaka kuvulala mapiko. Kuukola kusiyireni wodziwa mpaka mutaphunzitsidwa. Inu mugwire kathumba kansalu, muwerenge sikelo, mulembe kulemera kwake ndi kutalika kwa mkono wa phiko, kenako mupukute ubweya wa kumutu ndi pachifuwa ndi kachidutswa ka jeli kuti mungu umatirire, ukaunikidwe pa maikulosikopu. Mleme uliwonse ukhale ndi jeli wakewake wokhala ndi nambala yake, apo ayi mungu wa mlambe ndi wa mvunguti udzasakanizika ndipo ntchito ya usiku wonse idzapita pachabe.

Ntchito imene ndimaiona kuti ndi yofunika koposa ndi imene ambiri amaipeputsa, yokhala chete pansi pa mtengo ndi tochi ya kuwala kofiira n'kumalemba chilichonse chofika pa duwa, nthawi yake, komanso ngati chakhudzadi mbali yolandira mungu. Musalembe mleme pamene mwangoona chithunzithunzi. Kumadzulo kwa Africa mileme yodya zipatso monga Eidolon helvum, imene imasonkhananso miyandamiyanda ku Kasanka m'dziko la Zambia, imadziwika ponyamula mungu wa mlambe, koma kumwera kwa Africa ofufuza apeza kuti agulugufe akuluakulu ouluka usiku ndiwo amafika kwambiri pa maluwawo. Ola limene simunaone kanthu lilembedwenso, pakuti nalonso ndi umboni.

Pomaliza, kuti mudziwe ngati zamoyo zofika pa duwa ndizo zimathandiza kuti libereke, vekani maluwa ena timatumba taukonde asanatseguke kuti pasafike chamoyo chilichonse, ena muwasiye poyera, onse muwaike zizindikiro, ndipo pakapita masabata angapo mukawerenge amene abereka malambe mbali zonse ziwiri.