Kupeza Madzi Akumwa Popalasa Bwato Kuwoloka Nyanja Yamchere

Munthu amene akupalasa bwato kuchokera pa chilumba cha La Gomera, kufupi ndi gombe la kumpoto chakumadzulo kwa Africa, kupita ku chilumba cha Antigua ku Caribbean, ulendo wa makilomita pafupifupi 4,800 pa nyanja ya Atlantic, amakhala pamadzi usana ndi usiku koma sangamweko madziwo. Lita imodzi ya madzi a m'nyanjayi imakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35, ndipo kuti impso zichotse mchere wochuluka chonchi zimataya madzi oposa amene munthuyo wamwa, motero ludzu limangokulirakulira.

Yambani ndi kuwerengera. Opalasa ambiri amasinthana pa nkhafi maola awiri aliwonse, thukuta lili kamukamu, ndipo munthu mmodzi angafune malita ofika 10 patsiku mukaphatikiza madzi ofewetsera chakudya chouma chimene amanyamula. Ulendo ukatenga masiku 40, amenewo ndi malita 400 pa munthu mmodzi, katundu woti bwato laling'ono silingayende naye bwino. N'chifukwa chake madzi amapangidwa m'njira momwemo, tsiku ndi tsiku.

Makina ochotsa mchere, otchedwa watermaker, amakoka madzi kudzera pa bowo la kunsi kwa bwato, n'kuwadutsitsa pa sefa, kenako pampu imawakankha mwamphamvu kwambiri pa nembanemba imene imalola madzi kudutsa koma imatsekereza mchere. Makinawa amadya magetsi a m'mabatire otchajidwa ndi sola, choncho muziwayatsa dzuwa lili paliwombo, osati usiku, ndipo mudzaziretu zigubu zonse za tsikulo. Madzi oyamba kutuluka muziwataya, ndipo otsatirawo muziwalawa musanawathire m'chigubu. Muzitcheranso khutu ku kulira kwa pampu: funde likanyamula bwato, bowo lija limameza mpweya, phokoso limasintha, madzi a m'payipi n'kuyamba kutuluka modukizaduka. Zikatero zimitsani makinawo, mutulutse mpweyawo musanapitirize. Musatsuke nembanemba ndi madzi okhala ndi klorini chifukwa amaiwononga, komanso musalole kuti iume.

Vuto lalikulu, m'kuona kwanga, ndi kudalira makina amodzi ngati kuti sangafe. Mitambo ikaphimba dzuwa masiku angapo mabatire amatsika, ndipo mudzafunika kuzimitsa zipangizo zina kuti madzi asasowe. Nyamulani pampu yamanja, monga Katadyn Survivor 35 imene imatulutsa malita pafupifupi 4.5 pa ola, ngakhale kuti kupopa ndi mikono yotopa kale ndi nkhafi si masewera. Musananyamuke, phunzirani kumasula ndi kumanganso makina onse awiri muli pamtunda, ndipo mutenge masefa ndi timphira tapadera.

Pansi pa bwato pamaikidwanso mabotolo a madzi abwino osatsegula, amene kulemera kwake kumathandiza bwato kudzukanso likagubuduzidwa ndi funde. Amenewa ndi a tsiku latsoka. Mukakakamizika kumwa botolo limodzi, lidzazeni ndi madzi a m'nyanja, muliike chizindikiro chooneka bwino, mulibwezere pamalo pake kuti bwato lisapepuke.

Pakumwa penipenipo, musadikire ludzu. Muzimwa pang'onopang'ono nthawi yonse imene muli pa nkhafi, ndipo m'mabotolo ena muzisungunulamo mchere wa electrolyte wobwezeretsa umene watuluka ndi thukuta. Mkodzo ukayamba kuchepa ndi kuderako, onjezani madzi a tsiku limenelo.