Pamphanda ya mizu sapayeza ndi chitsulo chowongoka

Makadi a odwala chaka chino akubwera ndi vuto lomwelomwelo. Pa mano otafunira mwalembedwa kuya kwa thumba la usinini, 6 mm, 7 mm, koma za pamphanda pamene mizu imasiyanirana palibe ndi liwu lomwe. Wina amangolemba kuti "furcation ilipo", kutanthauza kuti fupa la pamphandapo ladyeka. Ilipo yofika pati?

Gwero lake ndi probe yowongoka ija, kachitsulo koyezera kuya kwa thumba la pakati pa dzino ndi usinini. Imatsika motsata dzino n'kudutsa pakhomo la mphanda osalowamo, pomwe fupa la pakati pa mizu limadyeka chopingasa. Chofunika ndi probe yokhota ya Nabers, yokhala ndi zizindikiro pa 3, 6, 9 ndi 12 mm. Malinga ndi kagawidwe ka Hamp ndi anzake ka 1975, ikalowa osapitirira 3 mm ndi gawo loyamba. Ikapitirira 3 mm koma osatulukira tsidya lina ndi gawo lachiwiri. Ikaboola mpaka kuseli, ndiye lachitatu. Za kutsika kwa fupa, Tarnow ndi Fletcher anawonjezera mu 1984: A ndi 1 mpaka 3 mm, B ndi 4 mpaka 6, C ndi 7 kupita m'tsogolo.

Kumene ambiri akuphonya ndi mano a m'mwamba, a mizu itatu. Khomo lakutsogolo linapendekera mkati, choncho mukalowera kutsaya mumagunda muzu n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Lowerani chamkati, mbali ya denga la kamwa. Ndipo chonde, chizolowezi chodalira X-ray yokha chithe! Muzu wamkati umaphimba mphanda pachithunzi, fupa n'kumaoneka ngati lilipo pamene linatha kale.

Mlimi wina anatsukidwa mano katatu, nthawi zonse akudandaula kuti pa dzino lakuseri pakutuluka mafinya onunkha. Ankangopatsidwa mankhwala. Tsiku limene anamuyeza bwino, probe inalowa kutsaya n'kutulukira kulilime, dzino likugwedera kale. Akuti anangofunsa kuti, "Ndiye maulendo onse aja munkayeza chiyani, adokotala?" Dzino linazulidwa, pamene likanagwidwa pa gawo loyamba kutsuka kokha kukanalisunga.

Kusalemba gawo kumasokonezanso kagawidwe konse ka matenda, chifukwa mwa ndondomeko ya 2017 yogawira matenda a usinini, gawo lachiwiri kapena lachitatu limaika wodwala pa mlingo wa matenda aakulu, Stage III kapena kupitirira, ngakhale matumba asali akuya kwenikweni.

Zochita ndi izi mwachidule. Yezani makomo onse, awiri pa dzino la m'munsi, atatu pa la m'mwamba, ndipo ngati wodwala akumva kuwawa bayani kaye jakisoni wochititsa dzanzi. Onaninso ngati mtsempha wa dzino uli moyo, poti nthawi zina bala la pamphanda limachokera mkati mwa dzino. Gawo loyamba tsukani ndi nsonga yopyapyala ya makina otsukira mano a ultrasonic, popeza makomo ambiri ndi opapatiza kuposa mpeni wa curette, kachitsulo kopalira mano ndi dzanja. Lachiwiri ndi lachitatu tumizani kwa katswiri wa usinini, ndipo wodwala mumuonetse kagwiritsidwe ka kaburashi kolowa pakati pa mano asanachoke pampando.