Keke ya thonje si ya nkhumba

Chilimwe chino nkhumba zikufa m'makola kuno ku Mchinji, ndipo aliyense akuthamangira kunena kuti ndi chigodola. Zina n'chigodola ndithu. Koma m'makola ena amene ndayendera, vuto lili m'chodyeramo: keke ya thonje (zotsalira akafinya mafuta m'njere za thonje) imene mavenda akubwera nayo kuchokera kumadera olima thonje, ndipo alimi akuigula chifukwa ndi yotchipa kuposa soya.

Mukaswa njere ya thonje muona timadontho takuda. M'menemo ndi mmene muli poizoni wotchedwa gossypol. Ng'ombe yaikulu imapirira chifukwa m'chifu mwake poizoniyu amamangika asanalowe m'magazi. Nkhumba ilibe chifu chotero. Nkhuku, akalulu ngakhale thole limene silinayambe kubzikula, chimodzimodzi.

Choipitsitsa n'chakuti sapha tsiku lomwelo. Amaunjikana m'thupi kwa masabata, akufooketsa mtima. Nkhumba imayamba kukana chakudya, kuonda, kupuma mwawefuwefu, kenaka m'mawa wina mwaipeza yauma. Mukaitumbula, madzi ali thoo m'chifuwa ndi m'mimba, chiwindi chotupa. Pofika apo mwiniwake anaiwala kalekale kuti anasintha chakudya.

Bambo ena cha ku Kamwendo ananditsutsa pamaso pa gulu: "Alangizi, ng'ombe zanga zadya zimenezi kuyambira kale, sizinadwalepo." Zoona bambo, koma zimene mwakwirira kuseri kwa kholazo si ng'ombe. Ndalama imene anapulumutsa pa thumba la keke sikufika ngakhale pa mtengo wa kamwana ka nkhumba kamodzi. Ndipo khalidwe lomati chilichonse chimene ng'ombe yadya ndiye kuti chiweto chilichonse chidya, landitopetsa.

A nkhuku zoikira nanunso musaseke. Mazira akakhalitsa, chachikasu cha m'kati chimasanduka chobiriwira moderako, ogula n'kukubwezerani thireyi yonse. Nkhunzi ndi atonde akadya yambiri mphamvu yobereketsa imachepa.

Chochita? Chotsani kekeyo lero, mankhwala ochotsa poizoni amene walowa kale m'thupi palibe. Bwererani ku madeya osakaniza ndi soya wokazinga kapena keke ya mpendadzuwa. Yotsalayo patsani ng'ombe zazikulu, pang'ono, pamodzi ndi udzu, bola isakhale ya chuku. Njere zobzala zopakidwa mankhwala zija zisayandikire khola lililonse. Nkhumba zikapitiriza kufa, itanani alangizi a ziweto adzaone ngati si chigodola, ndipo nyamayo musagulitse.