Momwe mungasankhire galimoto yoyendera munthu wa pa njinga ya olumala muno mu Lusaka

Amayi anga atadwala sitiroko n'kuyamba kuyendera njinga ya olumala, ulendo uliwonse wa ku chipatala chachikulu cha UTH unkafuna amuna awiri. Wina ankagwira m'khwapa, wina miyendo, kuwalowetsa mu takisi, njinga n'kuipinda kuiika m'buti. Pofika kuchipatala amakhala atatopa kale. Tsiku lina anandiuza kuti, "Mwanangu, ine sindine thumba la ufa." Kuyambira pamenepo tinayamba kufunafuna galimoto yoti azilowamo ali chikhalire pa njinga yawo. Zimene tinaphunzira pa ulendo umenewo ndi izi.

Yambani ndi tepi yoyezera

Musanatsegule tsamba lililonse la magalimoto pa intaneti, mukhazikeni munthuyo pa njinga yake, khushoni ili pomwepo, ndipo muyeze zinthu zitatu: kuchokera pansi kufika pamwamba pa mutu, kuchokera kunja kwa gudumu lina kufika kunja kwa linzake, ndi kuchokera kumbuyo kwa njinga kufika kunsonga ya zala zakumapazi. Lembani masentimitawo papepala, muziyenda nalo m'thumba. Dziwaninso kulemera kwa munthuyo pamodzi ndi njingayo, makamaka ikakhala yamagetsi, chifukwa mabatire ake ndi olemera.

Apa ndi pamene ambiri amaluzira ndalama. Magalimoto amenewa amachokera ku Japan, ndipo anapangidwa poganizira njinga zing'onozing'ono zoyenda m'nyumba ndi pa tara. Njinga zambiri za kuno ndi zazikulu. Zija zamagudumu atatu, zopangidwira misewu yafumbi, ndi zazitali moti chitseko chakumbuyo chimakana kutseka. Zopalasa ndi manja zija musaziwerengere n'komwe. Ndiye mukapeza galimoto, funsani kutalika kwa khomo lakumbuyo, kutambalala kwa rampu (chitsulo chokwererapo njinga), ndi kutalika kwa m'kati, mufanizire ndi pepala lanu. Pamwamba pa mutu pazitsala mpata, apo ayi munthu azigunda denga pa hampu iliyonse.

Kodi amatha kuchoka pa njinga?

Yankho lake ndi limene likuuzeni mtundu wa galimoto. Ngati munthuyo amatha kuimirira pang'ono kapena kusuntha mothandizidwa, pali magalimoto okhala ndi mpando wotembenuka umene umatuluka panja n'kutsika, iye n'kukhalapo, mpandowo n'kubwerera m'kati. Mpando wa galimoto ndi wabwino kukhalapo pa ulendo wautali, monga wa ku Chipata, kuposa njinga.

Ngati satha, sankhani pakati pa rampu ndi lifiti. Rampu ndi chitsulo chimene chimatambasuka kumbuyo, njinga n'kukwera ikukankhidwa. Magalimoto ambiri otere ali ndi malamba amagetsi othandiza kukoka njinga kuti isabwerere m'mbuyo, ndipo ena amatsika kumbuyo ngati akugwada kuti chikwezacho chichepe. Lifiti ndi thandala lamagetsi limene limanyamula njinga kuchoka pansi, ndipo imapezeka kwambiri pa Toyota Hiace. Ine ndimakonda rampu pa galimoto ya pakhomo. Ilibe zambiri zoti n'kuwonongeka, ndipo batire ikafooka mukhozabe kumutsitsa munthu. Lifiti ndi yoyenera sukulu, tchalitchi kapena nyumba yosungira odwala, kumene mumanyamula anthu angapo. Mukasankha lifiti, wogulitsa akuwonetseni momwe imatsitsidwira ndi manja magetsi akakana.

Pofufuza pa intaneti, Toyota imatchula magalimoto ake oterewa kuti Welcab. Ang'onoang'ono alipo, monga Daihatsu Tanto ndi Honda N-Box, a injini ya 660cc, osadya mafuta ambiri koma otsala ndi mipando yochepa njinga ikalowa. Apakati ndi Toyota Sienta ndi Honda Freed. Ife tinatenga Toyota Noah, yofanana ndi Voxy, chifukwa makaniko aliyense wa ku Matero kapena Kalingalinga amaidziwa ndipo masipeya ake savuta m'tauni. Werengani anthu a pakhomo panu musanasankhe, chifukwa njinga ikalowa mipando yakumbuyo imapindidwa.

Ganizirani msewu wa kwanu

Kuti njinga ikwane, magalimoto ambiri a rampu anawatsitsa pansi chakumbuyo. Pa Great East Road simungazindikire kanthu. Koma ngati mumakhala ku Kanyama kapena Chawama, kumene mvula ikagwa madzi amabisa maenje, kunsi kwa galimoto kumakhula. Gwadani musuzumire kunsi, muwone ngati pali dzimbiri kapena popindika. Onaninso pageti ndi pabwalo panu: rampu imafuna malo athyathyathya kumbuyo, okwanira iyo yomwe pamodzi ndi njinga ndi wokankha.

Malamba: apa musachite chisawawa

Mabuleki a njinga sangaigwire galimoto ikaima mwadzidzidzi. Njinga imangidwe malo anayi, awiri kutsogolo ndi awiri kumbuyo, ndipo ngowe zikole pachitsulo cholimba cha njingayo, osati pa magudumu kapena popondera mapazi. Munthuyo ayang'ane kutsogolo. Iyenso akhale ndi lamba wakewake wa galimoto, wodutsa m'chiuno ndi paphewa, wokhudza thupi osati wodutsa pamwamba pa zotsamira mikono. Kalamba kamene kamabwera ndi njinga ndi kongothandiza kukhala mowongoka, si koteteza pangozi.

Galimoto yathu inafika lamba wina wakumbuyo atasowa, ndipo tinadikira nthawi ndithu kuti tipeze wina, galimoto ili chiimire pabwalo. Chingwe kapena chitenje sizilowa m'malo mwa lambayo. Choncho werengani malamba onse musanalipire, ndipo muwakoke kuti muwone ngati akugwira.

Kugula

Mukhoza kugula pa yadi yogulitsira magalimoto muno mu Lusaka kapena kuitanitsa ku Japan, galimoto n'kufikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa Nakonde. Kuitanitsa kumakupatsani zosankha zambiri, koma mukugula chimene simunachikhudze. Pemphani vidiyo yoonetsa rampu ikutsika ndi kukwera, malamba onse, ndi rimoti ngati ilipo. Galimotoyo iyenera kuyesedwa isananyamuke monga mwa malamulo a Zambia Compulsory Standards Agency, ndiye satifiketi yake ikhalepo.

Musanatumize ndalama, pitani ku Zambia Agency for Persons with Disabilities, bungwe limene limagwira ntchito pansi pa lamulo la anthu aulumali la 2012. Mulembetseni munthuyo ngati alibe khadi, ndipo mufunse za kalata yopita nayo ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, yopempha kuti msonkho uchepetsedwe. Zimenezi zichitike galimoto isanakwere sitima, chifukwa ikafika pa boda mapepala asanathe, ndalama zosungira zimawerengedwa tsiku ndi tsiku. Zolembetsa ndi fitinesi ku RTSA, bungwe loona za magalimoto pamsewu, zimayenda monga galimoto ina iliyonse. A inshuwalansi muwauze kuti muli rampu kapena lifiti, zilembedwe.

Ngati mukugula pa yadi, mutengeni mwini njinga apite nanu, ngakhale ulendowo ukhale wovuta. Amene azimukankha masiku onse ayese yekha kumukweza ndi kumumanga, osati mnyamata wamphamvu wa pa yadi. Kenako yendani mpaka podutsa mahampu angapo, mumufunse momwe akumvera. Galimoto yoyamba imene ife tinaikonda, amayi anaikana chifukwa mutu wawo unali pamwamba pa windo ndipo ankangoona tara yokha. Mu Noah amakhala pafupi ndi mdzukulu wawo, ndipo tikamadutsa pa msika wa Soweto amatha kuloza okha pamene akufuna tiime tigule tomato.