Musanalembe pempho la ndalama zofufuzira chikhalidwe, kaonaneni kaye ndi eni ake

Aphunzitsi ambiri a m'mayunivesite akamva kuti kwatuluka fellowship, thandizo lopatsa munthu ndalama ndi mpata wopumako kuphunzitsa kuti achite kafukufuku, amathamangira pa kompyuta. Pempho lonse amalemba ali mu ofesi, kalata yovomereza ya eni chikhalidwe n'kumaisaka kutatsala masiku awiri. Osankha mapempho amaizindikira msanga kalata yosainitsa mothamanga. Eni ake ndiye amazindikira msanga kuposa pamenepo.

Pitani kaye mukakhale nawo pansi, funso la kafukufuku lisanakhwime. Muwafunse chimene iwo akuopa kuti chitayika. Mwina inu mukufuna nyimbo, pomwe iwo nkhawa yawo ili pa makalata akale amene akudyedwa ndi chiswe. Pangano la 2003 la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, loteteza chikhalidwe chopatsirana pakamwa ndi pochita, monga nthano, nyimbo ndi luso la manja, limanena m'gawo 15 kuti anthu amene amachisunga azitenga nawo mbali mokwanira. Mu 2015 komiti ya panganoli inakhazikitsa mfundo 12 za kagwiridwe kabwino ka ntchito, ndipo ina imati chilolezo chiperekedwe mwaufulu, ntchito isanayambe, anthu atauzidwa zonse, komanso chikhale chopitirira. Kusainitsa fomu tsiku loyamba lokha sikukwanira.

Chilolezo chopitirira chimaonekera pojambula. Agogo akuimba, afika pakati n'kukweza dzanja kuti, "Iyi ayi, zimitsani." Zimitsani iwo akuona, ndipo musayatsenso mwakabisira. Mukamaliza, abwezereni mawuwo amve okha, kenako mulembe limodzi papepala kuti iyi ndi ya aliyense, iyi ndi ya pabanja, iyi isadzaikidwe pa intaneti. Afunseninso ngati akufuna dzina lawo lidziwike. Ambiri amafuna, chifukwa nzeruzo ndi zawo, ndiye kuwabisa dzina osawafunsa n'kuwalanda. Anthu a mtundu wa San a ku South Africa, atatopa ndi ofufuza obwera n'kupita osabweza kanthu, anatulutsa malamulo awoawo a kafukufuku mu 2017. Musadikire kuti anthu anu afike potopa chomwecho.

Werenganinso bwino zofuna za opereka ndalama. Thumba la ndalama la Endangered Archives Programme, lomwe linayamba mu 2004 ku British Library, laibulale yaikulu ya ku Britain, limathandiza kujambula zolembedwa zakale zimene zili pangozi. Zenizenizo zimatsala m'dziko lawo, koma zithunzi zake zimaikidwa pa intaneti kuti aliyense aziona. Ndi ntchito yabwino, koma ngati zimene mukufuna kujambula zili zachinsinsi, thumba limenelo si lanu. Eni ake auzeni zimenezi musanatumize pempho.

Ine ndikapatsidwa pempho kuti ndilione, ndimayambira ku bajeti, chifukwa ubale weniweni umaonekera kumeneko. Tikiti ya ndege yopitira ku msonkhano imakhalamo nthawi zonse. Nanga malipiro a womasulira? Nanga a mkulu amene wasiya ntchito zake masiku asanu kuti akufotokozereni? Nanga ulendo wobwerera kukapereka zimene mwapeza? Ulendo umenewu uikireni ndalama zake pazokha, apo ayi fellowship idzatha inu musanabwerereko. Ngati pali wachinyamata wakomweko wofuna kuphunzira kujambula, muphunzitseni, ndipo chojambulira chimodzi chitsale kwa iye ngati opereka ndalama alola. Amene wathandiza kumasulira ndi kusanthula nkhani, dzina lake likhale pamodzi ndi lanu pa pepala la kafukufuku, osati m'mawu othokoza okha.

Za kasungidwe n'zachidule. Mawu jambulani mu fayilo ya mtundu wa WAV, osati MP3, imene imataya mbali ina ya mawu pofuna kuchepetsa fayilo. Madzulo omwewo lembani tsiku, malo, wolankhula ndi zimene analola. Sungani makope atatu m'malo osiyana. Kope la eni ake likhale m'njira imene angathe kuigwiritsa ntchito. Kumene kulibe kompyuta, hadi diski idzangokhala m'kabati, pomwe memori khadi yolowa mu foni kapena kabuku kosindikiza m'chilankhulo chawo kadzayenda nyumba ndi nyumba.