Halloween ku UK: anawa abwere kunyumba osavulala

Amene muli kunoko ndi ana mukudziwa kale, pa 31 Okotobala sakupatsani mpata, akufuna avale zoopsa zija azikayenda khomo ndi khomo kupempha maswiti. Vuto loyamba ndi mdima. Mawotchi amabwezedwa ola limodzi Lamlungu lomaliza la mwezi womwewu, ndiye 5 koloko isanakwane kwada kale, mwana wavala zakuda bii, dalaivala amuona bwanji? Mpatseni tochi kapena mumate katepi kowala kaja pachikwama, powoloka msewu mugwireni dzanja basi olo anyinyirike.

Chovala chisamakwekwereke pansi, amapunthwa nacho pamasitepe. Chigoba chakumaso ine sindichikonda, timabowo ta maso n'tating'ono, bola penti koma muyeseni kaye pamkono dzulo lake.

Nkhani yeniyeni ndi dzungu, lomwe pa Halloween amalikokota mkati, kulisema kankhope n'kuyatsamo nyali. Ambiri amadzicheka chikhatho posema kankhope kaja, mkati mwake ndi moterera ndiye mpeni umangopulumuka. Mwana ajambule ndi kukokota nthanga ndi supuni, mpeni ndi wa inu akuluakulu, manja ouma, ndipo usaloze dzanja lomwe lagwira dzungulo. Mkatimo osaikamo kandulo chonde, nsalu za zovalazi zimagwira moto ngati udzu wam'chilimwe, gulani timagetsi ta batire. Wina akapsa, madzi ozizira apampopi kwa mphindi 20, osati Colgate kapena mafuta ngati timachitira kwathu kuja, bala likakhala lalikulu imbani 999, nambala yoitanira ambulansi.

Maswiti muwaone kaye musanawapatse, olimba aja amatsamwitsa tiana, ena muli mtedza womwe ana ena sayanjana nawo.