Mukamva za ngozi pa malo a nyukiliya, fufuzani chonchi

Anthu ambiri akamakamba za ngozi ya ku Fukushima, m'dziko la Japan, amangoti chivomezi chinaphulitsa malo opangira magetsi. Zimandiwawa kumva choncho, chifukwa si mmene zinayendera. Mukafuna kuimvetsa ngozi yotereyi, yambani ndi funso ili: madzi oziziritsa makina ankapopedwa ndi chiyani?

Pa 11 Malichi 2011, chivomezi champhamvu ya 9.0 chitagwedeza kumpoto chakum'mawa kwa Japan, makina a Fukushima Daiichi anazima okha monga anawakonzera. Koma mafuta a nyukiliya ali ngati makala a pambaula: mwaphula kale poto, iwo akadali ofiira. Amafunika madzi kosalekeza. Mawaya obweretsa magetsi atagwa, mapampu anadalira majenereta a dizilo, ndipo majenereta ambiri anali m'zipinda zapansi. Mafunde a tsunami otalika mamita pafupifupi 14 anawamiza. Makina atatu anasungunuka mkati, anthu oposa 150,000 anasamuka m'nyumba zawo.

Kenako funani malo ena omwe anakumana ndi tsoka lomwelo koma anapulumuka. Onagawa, siteshoni ina ya magetsi a nyukiliya ku Japan, inali pafupi kwambiri ndi pomwe chivomezi chinayambira, koma anaimanga pamtunda wa mamita pafupifupi 15 kuchokera panyanja. Anthu a m'midzi yoyandikana anathawira komweko kukabisala.

Mukafika pa ndalama, musamangoyang'ana zokonzera zowonongeka, ngakhale kuti mu 2016 boma la Japan linati zonse zidzadya mayeni (ndalama za ku Japan) 21.5 thililiyoni. Tsatirani magetsi omwe anasowa. Dzikolo linali ndi makina 54 a nyukiliya, ndipo pofika Meyi 2012 onse anali atazimitsidwa. Linayamba kugula gasi, malasha ndi mafuta ochuluka kunja, moti mu 2011 katundu wogula kunja anaposa wogulitsa, koyamba kuchokera 1980.

Chomwe ndikupemphani kwambiri n'chakuti muulondole ulusiwo mpaka pakhomo panu. Makina aja atazima, mtengo wa yureniyamu, womwe amapangira mafuta a nyukiliya, unatsika padziko lonse. Mu 2014 kampani ya Paladin inaimitsa ntchito pa mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga ponena za kutsika kwa mtengoko. Anthu ambiri ogwira ntchito kumeneko anachotsedwa, ndipo Malawi anataya ndalama zakunja zomwe mgodiwo unkabweretsa, patatha zaka zitatu madzi atalowa m'zipinda za majenereta ku Japan.